Pepala Lokulungira Misomali

Baba adandiuza nkhaniyo Lolemba m'mawa tikutsegula sitolo, chifunga cha mwezi wa Juni chitaphimba phiri la Dedza mpaka m'munsi. Adanena akuchotsa loko, osandiyang'ana n'komwe.

"Rehema, akwawo kwa Habib anabweranso dzulo. Aka n'kachitatu. Lachisanu tikatuluka ku mzikiti ndiwayankha."

"Muwayankha kuti chiyani, baba?"

"Kodi pali wina amene wafika pakhomo panga?" Apo ndiye adatembenuka. "Ine maso ndili nawo, mwanangu. Ndimaona amene umamuthirira mkaka wambiri mu tiyi kuseriku. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati mnyamatayo ali ndi mawu, abwere ndi akwawo Lachisanu lomwelo. Ndipo akudziwa kuti mwana wa Yusufu sakwatiwa kunja kwa Chisilamu."

Ndidawerenga masikuwo pa zala ngati mwana wa Sitandade 1, kuti mwina ndalakwitsa, koma adali anayi ndithu.

* * *

Mnyamata ankanenedwayo ndi Eustace, mwana wa ku Kabwazi, Mkatolika woyenda ndi kolona m'thumba, wamtali, wovala majuzi oluka amayi ake. Adaphunzira za makompyuta ku Zomba, ndipo adabwerera kuno chaka chathachi ndi kompyuta yakale m'katoni. Kwawo kulibe magetsi. Baba adamupatsa kachipinda kuseri kwa sitolo yathu pa Boma, ati chifukwa mnyamatayo akagonja pa bawo amathokoza.

Ntchito yake idali yoti ukauza munthu amayamba waseka. Ankaphunzitsa kompyuta kusewera chesi. Anthu ankati sukulu yamuzunguza mutu. Koma mwezi wa Meyi wayilesi italengeza kuti ku America makina agonjetsa katswiri wa chesi wa dziko lonse lapansi, anthu omwe aja adayamba kumupatsa moni ndi manja awiri. Pulofesa wina wa ku Holande adali atamulembera kale kuti apite kumeneko mu Seputembala akapitirize kafukufuku wake.

Ine ndidalowa m'nkhaniyi chifukwa cha chesi yomweyo. Ndidaiphunzira ku sekondale, ndipo Eustace ankafuna munthu woti azilimbana ndi makina akewo masana aliwonse. Ndidapita kukagonjetsa kompyuta, koma amene adatsala m'mutu mwanga ndi mwini wake.

Mmene makinawo amaganizira adandifotokozera kambirimbiri mpaka ndidaloweza.

"Saganiza ngati iwe ndi ine," ankatero uku akujambula papepala. "Amati, ndikasuntha hatchi apa, Rehema angayankhe mwakuti kapena mwakuti. Yankho lililonse limabala mayankho ena, ngati nthambi za mtengo. Kunsonga kwa nthambi iliyonse amalembako nambala, yabwino yaikulu, yoipa yaing'ono. Nthambi ikangooneka kuti singapose ina imene aipeza kale, amaidula osatayanso nayo nthawi. Kafukufuku wanga yense ndi wofuna njira yodulira msanga."

Koma makinawo adali ndi nthenda, ndipo amene adaitulukira ndine, musamve za wina. Ankaona masitepe asanu okha kutsogolo. Akaona kuti mfumukazi yawo igwidwa pa sitepe yachisanu, ankataya msilikali pachabe kuti tsokalo lisunthire patsogolo pang'ono, pamene maso awo safika. Tsoka likayandikiranso, n'kutayanso wina. Ankadziona ngati apulumuka, chikhalirecho mfumukaziyo ipita ndithu, asilikali atatha kale.

Masana a Lolembalo ndidamupeza Eustace atayang'anitsitsa kompyuta, kolona ili m'manja akuizunguza pa zala monga amachitira akamaganiza. Pulinta inkalira ngati nyenje, ikulavula mapepala ake aja olumikizana, a tizibowo m'mbali.

"A Eustace, Lachisanu baba akuyankha akwawo kwa Habib."

Adazimitsa pulinta. "Lachisanu lake liti?"

"Likubwerali. Mumafuna la chaka chamawa?"

"Rehema, ndipatse nthawi ndiganize bwino."

"Mudatero pa Khirisimasi. Mudateronso pa Idi."

"Nkhaniyi si yaing'ono. Amayi ali ndi ine ndekha. Bambo atamwalira adandilera okha, adandiphunzitsa ndi mbatata za kachewere. Ndikawauza kuti ndikusiya tchalitchi, ndawapha."

"Ndiye ndiuzeni kuti ayi, ndilire kamodzi zithe."

"Sindinganene kuti ayi. Ukudziwa kuti ndimakukonda."

Ndinkadziwa, ndipo n'chimene chinkandiwawa kwambiri. Munthu wosakukonda umamutaya n'kusamba m'manja. Nanga wokukonda koma wongokhala pampando umatani naye? Ndidatuluka msanga, chifukwa ine kulira pamaso pa mwamuna ndimadana nako.

* * *

Lachiwiri lidadutsa, Eustace osanena kanthu. Lachitatu m'sitolo mudadzaza anthu kuyambira m'mawa.

Mapepala otha ntchito Eustace ankawaponya m'katoni pansi pa tebulo lake, ndipo m'mawa uliwonse ine ndinkatenga mulu n'kukauika pa kauntala. Tinkakulungira shuga, mchere, misomali, chilichonse. Theka la Dedza lidathira m'ndiwo mchere wochokera m'masamu a chesi osadziwa.

Cha m'ma teni koloko adalowa Habib, fungo la perefyumu litatsogola. Sindimunamizira, Habib si woipa nkhope. Ali ndi lole yake yoyenda ku Tete, amaswali kasanu patsiku, ndipo amayi anga akamuona amaiwala kuti bondo likuwapweteka. Vuto lake ndi lakuti amandilankhula ngati katundu amene wadutsa kale pa boda.

"Misomali ya malata, makilo awiri," adatero atatsamira kauntala. "Ya nyumba yako imeneyi, Rehema. Denga tikhoma Loweruka."

"Ine kwathu ndi kuno."

"Mpaka Lachisanu." Adaseka n'kuloza kuseri ndi mlomo. "Aphunzitsi a zidole aja akadali kuganiza? Ukawauze kuti zengerezu adalinda kwawukwawu."

Ndidapsa mtima, makamaka chifukwa ankanena zoona. Ndidang'amba pepala lapamwamba pa mulu uja osaliyang'ana, ndidakhuthulirapo misomali, ndidakulunga mwamwano n'kumukankhira. Ndinkangofuna achoke pamaso panga.

Atatuluka, mayi wina adafuna shuga. Ndidakoka pepala lotsatira, ndipo kuseri kwake ndidaona dzina langa, lolembedwa ndi bolopeni m'zilembo zopendama za Eustace. Mayiyo ndidamukulungira ndi nyuzi. Kenako ndidabisala kuseri kwa matumba a feteleza n'kuyamba kuwerenga.

Udali mtengo, abale. Mtengo womwe uja wa makina, wa nthambi ndi manambala, koma m'malo mwa hatchi ndi asilikali mudali ife anthu. Pepalalo lidali litang'ambikira pamzere wake wapamwamba, choncho lidayambira pa nthambi yachiwiri.

Yachiwiriyo inkati Rehema abatizidwe, a Yusufu amukana, iye adzandida. Kunsonga adalemba -9 n'kudula nthambiyo ndi mzere. Yachitatu inkati tithawire ku Lilongwe, ndipo adaipatsa -4 n'kuidulanso. Yachinayi idali ndi dzina limodzi lokha pamwamba: Martina. Ameneyu ndi namwino woimba kwaya ku Kabwazi, amene amayi ake a Eustace akhala akumutchula mtengwa wawo kuyambira kalekale. Pansi pa dzinalo adalemba kuti amayi akondwa, ukwati wa kutchalitchi, palibe mkangano, koma sindimukonda. Nambala yake idali +2. Yachisanu inkati ndipemphe a Yusufu adikire mpaka ndibwereko ku Holande, +3. Ziwirizinso zidali zodulidwa.

Ndidawerenga katatu. Kachitatuko zilembo zinkasambira m'misozi.

* * *

Ndidalowa kuseri osagogoda n'kuponya pepalalo pamanja pake.

"Ine ndine nambala, a Eustace?"

Nkhope yake idatuwa. "Walipeza kuti?"

"M'katoni mwanu. Pang'onong'ono ndikadakulungira shuga."

"Ndidalemba Lolemba utatuluka muja. Ndimati ndilitenthe, koma dzanja lidangozolowera kuponya m'katoni."

"Martina mwamupatsa +2. Kuthawa ndi ine mwapatsa -4. Ndiye kuti kukwatira mkazi amene simumukonda kukuposa ine ndi sikisi. Masamu ndidakhoza inenso, musaiwale."

"Rehema, tamvera. Mtengo umafuna uyang'ane nthambi zonse, ngakhale zimene ukudana nazo. Ukasiya ina chifukwa chakuti ikukunyansa, yankho limatuluka labodza. Taona apa, ya Martinayo ndidaidula."

"Mwadula zonse zili apazi. Nanga yoyamba ili kuti?"

Adasuzumira m'katoni, mudalibe kanthu.

"Yoyamba ndi yakuti ine ndilowe Chisilamu."

"Ndiyo idapambana zinazi?"

"Ndiyo idapambana."

Mtima wanga udalumpha ndi chimwemwe, chitsiru ine. Ndikadafunsa chifukwa chake ankanena mawu okoma chotero atayang'ana pansi.

"Ndiye mukudikira chiyani? Mtengo wanu wakuyankhani Lolemba, lero Lachitatu mukadali pampando." Ukali udandibwereranso. "Mukudziwa, inu mwafanana ndi makina anuwa. Mwaona kuti pali munthu alira, kaya amayi anu kaya ine, ndiye mukutaya masiku limodzilimodzi kuti misoziyo ikagwere kumene simukuona. Khirisimasi mudataya. Idi mudataya. Lolemba ndi Lachiwiri mwataya. Asilikali akutherani, a Eustace. Lachisanu mfumukazi ikukwera lole ya ku Tete."

Adakhala nthawi yaitali akuyang'ana kolona ili m'manja mwake. Ine ndidaima pomwepo ndikumva anthu akuitana ku kauntala, koma sindidasunthe. Potsiriza adazimitsa kompyuta, adaika kolona m'thumba n'kuvala juzi yake.

"Ndikupita ku Kabwazi kwa amayi. Ndikachoka kumeneko ndipita ku Kaphuka kwa amalume a Gervazio, ndiwapemphe akhale ankhoswe anga." Atafika pakhomo adaima. "Rehema, pepala linalo ukalipeza usaliwerenge. Ulitenthe."

"Chifukwa?"

"Muli zinthu zimene ndidaganiza ndili ndi mantha."

Ndidafufuza mulu wonse wa pa kauntala, osalipeza. Ndidati basi lapita ndi mchere wa munthu wina kumudzi, likayatsira moto. Za misomali zija sizidandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono.

* * *

Adabwerako Lachinayi cha m'ma folo koloko, fumbi mpaka m'mawondo, maso ali psuu. Sadalowe n'komwe, adangoima pakhomo la sitolo.

"Ndawauza amayi m'mawa uno."

"Ati bwanji?"

"Usandifunse lero, chonde. Amalume avomera. Tifika mawa."

Dzanja lake lidalowa m'thumba monga mwa chizolowezi, lidafufuza, n'kutuluka lopanda kanthu. Ndidaona ndi maso angawa, koma sindidaganizepo. Mutu wanga udali pa mpango umene ndidzavale mawa lake.

* * *

Lachisanu anthu atatuluka ku mzikiti, pabalaza pathu padadzaza. Baba adakhala pampando wawo, amalume anga pambali pawo. Mbali ina kudakhala amalume ake a Habib, ndi Habib mwini wake, amene mwamwambo sankayenera kubwera. Mbali inayo kudali Eustace ndi a Gervazio, mlimi wa mbatata wa m'manja mokhakhala, atavala jekete yomwe mwina adakwatira nayo, chipewa chili pabondo. Ine ndi amayi tidabisala kuseri kwa katani ya pakhomo lopita kuchipinda.

A Gervazio adawomba m'manja mwaulemu.

"A Yusufu, ife tabwera kudzapempha mbeta pakhomo pano. Za chipembedzo mwanayu anena yekha, ndi wamkulu. Kwa ine Mulungu ndi mmodzi, timangosiyana makomo olowera."

Eustace adatsika pampando n'kugwada.

"Bambo, ndalingalira. Ndikufuna kulowa Chisilamu, ndiphunzire kwa shehe amene inu mungandisankhire, ndikwatire Rehema."

"Ndi mtima wako," adafunsa baba, "kapena chifukwa cha mwana wanga?"

"Ndidayamba chifukwa cha Rehema, sindikubisirani. Koma ndikulowa ndi miyendo yonse iwiri."

Baba adagwedeza mutu pang'onopang'ono, ndipo ndidaona kamwetulira kakubisala m'ndevu zawo. Baba amamukonda Eustace, ngakhale sanganene. Ndidaluma mpango kuti ndisafuule.

Pamenepo Habib adakhosomola.

"Pepani akuluakulu, ndilankhuleko ngakhale si malo anga. Lachitatu ndidagula misomali m'sitolo muno. Mmisiri wanga ndi amene adandionetsa chimene adakulungira."

Adatulutsa pepala m'thumba la malaya n'kulitambasula patebulo. Lidali ndi tizibowo m'mbali, ndi mabowo ena pakati olasidwa ndi misomali. Pepalalo ndidamupatsa ndine, ndi manja angawa.

Baba adaliyandikitsa kumaso, adalitalikitsa, kenako adaitana.

"Rehema, tuluka, ndikudziwa uli pamenepo. Maso anga satha zilembo zopendamazi. Werenga mokweza, udapita kusukulu."

Ndidagwada pafupi ndi tebulo. Eustace adatseka maso.

"Nthambi yoyamba," ndidawerenga. "Ndilowe Chisilamu. Yagawika pawiri. Mbali yoyamba, ndilowe ndi mtima wonse. Amayi andikana, mwina adwala nazo. Nambala yake -5."

"Pitiriza."

"Mbali yachiwiri." Mawu adandithawa, ndidayambanso. "Mbali yachiwiri, ndilowe pakamwa pokha. Ukwati wa nikaha uchitike. Seputembala ndipite ndi Rehema ku Holande. Kumeneko ndibwerere ku tchalitchi mwakachetechete. Amayi ndiwatsine khutu kuti ndi sewero chabe. A Yusufu sadzadziwa."

"Nambala yake?" adafunsa Habib mofatsa.

"+8."

Adali ataizunguliza kawiri ndi bolopeni. Masamu adadzichita okha m'mutu mwanga. Kulowa moona adakupatsa -5, pansi pa Martina, pansi pa kudikira. Chimene chidadula nthambi zina zonse zija, chimene ine ndidachisangalalira Lachitatu ngati mwana wopatsidwa switi, lidali bodza ili.

A Gervazio ankapinda chipewa chawo ngati akufinya nsalu.

"Dzanja ili ndi lako?" baba adafunsa Eustace.

"Ndi langa, bambo."

"Nthambi iyi, monga mmene umanenera iwe, udaidula?"

"Papepalapo ayi. Ndidaidula Lachitatu, Rehema atandilankhula. Dzulo ndawauza amayi zoona zokhazokha, kuti ndikulowa kwenikweni."

"Papepalapo akuti amayi adzatsinidwa khutu," adatero Habib. "Ndiye dzulo atsinidwa."

Baba adatembenukira kwa a Gervazio. "Inu mudalipo pamene ankauza mlongo wanu?"

"Ayi, ine adandipeza kumunda ku Kaphuka. Kunama sindingathe, a Yusufu. Sindidalipo."

Baba adasisita ndevu. Kenako adandiyang'ana ine, ndipo nkhope yawo idalibe ukali, idali yotopa chabe.

"Rehema, chaka chathunthu wakhala ukusewera ndi munthuyu ndi makina ake. Iwe umadziwa akamatchera msampha, ine sindidziwa. Ndiuze pamaso pa Mulungu, ukumukhulupirira? Ukati inde, ndipepesa alendo enawa, apite."

Eustace adatsegula maso n'kundiyang'ana. Ndimamukonda munthu ameneyu, ndinena poyera, ndimamukonda mpaka kudwala. Inde adali kale pa lilime. Koma m'makutu mwanga munkalira mawu aja akuti a Yusufu sadzadziwa. Munkaliranso aja akuti usaliwerenge, ulitenthe. Munthu amene angakhale pansi n'kuyeza bodza ndi choona ngati shuga pa sikelo, bodza n'kulemera, angalepherenso kugwada mokongola chonchi? M'sewero lake lonselo ine sadandifunse. Ndikadakazindikira ndili ku Holande, kutali ndi aliyense wondidziwa. Ndipo baba sadati ndiuze chimene ukufuna. Adati pamaso pa Mulungu.

"Sindikudziwa, baba."

Ndidamva amayi akupuma mwamphamvu kuseri kwa katani.

Baba adatseka maso kanthawi. Atatsegula adatambasulira dzanja amalume ake a Habib, adagwirana chanza, ndipo amuna onse a Chisilamu adakweza manja n'kuwerenga pemphero la Fatiha lotsekera mawu. Nikaha adaiika Lamulungu lomwe likubweralo.

"Eustace," adatero baba osamuyang'ana, "makina ako uchotse dzuwa lisanalowe."

Eustace adadzuka. Sadakangane, sadandiyang'anenso.

"Zikomo, bambo," adatero, mawu omwe aja amanena akagonja pa bawo.

* * *

Adanyamula kompyuta m'katoni momwe idabwerera, a Gervazio atasenza pulinta. Ndidawaona pazenera akutsikira kumsewu waukulu. Kaya adakwera minibasi yopita kuti, sindidaone, chifukwa baba adandituma ku kauntala. Ati ntchito imachiza.

Dzuwa litapendeka mudalowa mayi wamfupi, wa duku lakuda, mapazi oyera ndi fumbi. Sadayang'ane katundu. Juzi imene adavala idali ya maluko omwe ndimawadziwa bwino.

"Rehema ndiwe?"

"Ndine, mayi."

"Ine ndine Jestina, make Eustace. Ndabwera kudzaona nkhope ya amene wandilanda mwana."

Adamasula mfundo ya pakona ya chitenje n'kuika kolona pa kauntala. Ndidaizindikira pompo, mikanda yake yakuda yosalala ndi zala.

"Iyi idali ya bambo ake. Dzulo m'mawa wagwada pamaso panga n'kundibwezera. Ndidalira, ndidagwira miyendo yake. Ndidati mwanangu, ngati mtsikanayo wakulowa chotere, ingowanamiza anthuwo, ukalowe pakamwa pokha, mukapita kunjako udzabwerera, Mulungu amvetsa. Ndidamupempha ine mayi wake, ine wa m'bungwe la amayi kutchalitchi, kuti aname. Wakana. Akuti adaganizapo kale zimenezo ndipo zidamuchititsa manyazi. Akuti iwe ndi bambo ako sangakunamizeni."

Misozi sidatuluke, idali itatha.

"Ndiye tenga, wapambana. Ine kunyumba sindingaisunge, ikundiwotcha. Umusamale, nyengo yozizira ino amavutika ndi chifuwa."

Nditatembenuka ndidaona baba ataima pakhomo lochokera kunyumba, ndipo nkhope yawo idandiuza kuti amva zonse.

"Baba, mwamva?"

"Ndamva."

"Ndiye tumizani munthu kwa Habib. Baba, chonde, ndagwira mwendo wanu. Inde, ndikumukhulupirira. Ndikunena tsopano, inde."

Baba adayang'ana kolonayo nthawi yaitali.

"Fatiha yawerengedwa pamaso pa mboni, mwanangu. Madzi akatayika saoleka." Adatsitsa mawu. "Ndidakufunsa iwe."

A Jestina adayang'ana baba, adayang'ana ine, adasuzumira pakhomo la kachipinda kakuseri pomwe padali potsegula, tebulo lili lokhalokha.

"Kodi mukunena chiyani anthu inu? Mwana wanga ali kuti?"

Ndipo kachiwiri tsiku limenelo ndidayankha kuti sindikudziwa.